Alamu a ku Mchinji, za layini ya foni pano pa Lusaka

Alamu, takulandirani. Ndikuti alamu chifukwa mwanena kuti bambo a kunyumba kwanu ndi a ku Katete, ndipo inenso mchombo wanga unagwera komweko. Funso lanu ndalimva: mwachoka ku Mchinji mwezi watha, mukukhala ku Chawama, mukufuna layini ya kuno yongothira mayunitsi popanda kusainirana mapepala olipira mwezi ndi mwezi, ndiye mukufunsa kuti yabwino ndi iti. Ndaona ena m'gulu muno angoponya dzina la kampani n'kuthawa. Ine ndinagwira ntchito m'buthu, kanyumba ka ajenti wa mobile money, ku Mtendere zaka zinayi, tsono mundikhululukire ngati ndichulutsa gaga m'diwa.

Za kontilakiti musadandaule nazo n'komwe. Kuno pafupifupi tonse timathira kaye n'kuimba pambuyo, zolipira pakutha pa mwezi ndi za m'maofesi. Chimene chingakusokonezeni ndi mayina chabe. Mayunitsi kuno timati tokotaimu, kuflasha timati kupeja. Mukapita pa kantemba n'kunena kuti mukufuna mayunitsi, ena ayesa mukunena a magetsi.

Makampani alipo anayi: Airtel, MTN, Zamtel ndi Zed Mobile yomwe inabwera pomalizira. Nambala ikayamba ndi 097 kapena 077 ndi ya Airtel, 096 kapena 076 ndi ya MTN, 095 kapena 075 ndi ya Zamtel, 098 ndi ya Zed. Muloweze zimenezi, zidzakuthandizani. Airtel ndi yomwe ija kale inali Celtel, kenako Zain, n'kudzakhala Airtel mu 2010, monganso zinachitikira kwanu. MTN inalowa mu 2005 itagula Telecel. Zamtel ndi ya boma. Inagulitsidwapo kwa LAP Green ya ku Libya mu 2010, boma la a Michael Sata n'kuilanda mu 2012. Ndipo musanyengeke ndi mtundu wofiira uja: Airtel ya ku Malawi ndi Airtel ya ku Zambia dzina n'limodzi koma matumba ndi awiri. SIM yanu ya kwanu mukamaimbira pano ili pa roaming, ndalama zimatha ngati madzi a m'dengu.

Tsono yabwino ndi iti? Anthu ankandifunsa funso limeneli pawindo la buthu pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ine ndinkawabwezera funso lina: mumagona kuti, nanga amene mumawaimbira kawirikawiri ali pa layini iti? Kampani iliyonse ili ndi malo amene imagwira bwino ndi malo amene imafa. Zikwangwani za pa Cairo Road sizingakuuzeni zimenezo. Amene angakuuzeni ndi mayi a nyumba yoyandikana nanu ku Chawama ndi apongozi anu ku Katete.

Ndikupatseni chitsanzo cha kwathu. Mayi anga akumudzi ali ndi kafoni ka Itel ka mabatani, kamene amakamangira pa nsonga ya chitenje. Pakhomo pathu netiweki ya kampani imodzi yokha ndiyo imafika, ndipo imafika bwinobwino pa chulu cha kuseri kwa khola. Madzulo alionse Lamlungu amakwera pachulupo, amandipeja, ine n'kuimba. Chaka china ndinatengeka ndi bandulo yotchipa ya kampani ina, ndinasintha layini, n'kuyamba kunyada kuti ndapulumutsa ndalama. Mphindi zambirimbiri zimene anandipatsa zinali zoimbira anthu a layini yomweyo basi. Zoimbira ma layini ena zinali zochepa, zinatha ndisanamalize n'komwe kufunsa za mvula ndi za ng'ombe. Patatha milungu iwiri ndinabwerera ku layini yakale mwakachetechete. Choncho musanatulutse ngwee iliyonse, tengani foni ya bambo a kunyumba kwanu, muone manambala a apongozi, a alongo awo, a amene amasunga munda kumudzi. Ngati ambiri akuyamba ndi 097, mwayankhidwa kale theka. Ngati ndi 096, chimodzimodzi. Ngati mudzi wawo uli mkati kwambiri, cha ku Chadiza kapena ku Vubwi, musadabwe kupeza kuti ndi Zamtel imene imagwira, chifukwa boma linamanga nsanja zambiri m'midzi kudzera ku kampani imeneyi.

Theka linalo ndi nyumba yanu yomweyo. Lusaka si mmodzi. Netiweki imene ikuthamanga ku Manda Hill kapena ku East Park ikhoza kukhala ikukwawa ku Chawama, Kanyama kapena Mandevu nthawi ya madzulo, pamene aliyense waweruka ndipo ali pa Facebook ndi TikTok. Anthu amachuluka, nsanja ndi yomwe ija. Ngakhale mu komboni imodzi zimasiyana, nyumba ina imagwira pabalaza, ina mpaka utulutse mkono pawindo. SIM siidula. Gulani ziwiri, muike m'foni imodzi, mafoni a Tecno ndi Itel amene ambirife tili nawo amalowa ziwiri. Muthire kabandulo ka tsiku limodzi konsekonse. Muyese m'mawa, muyese cha m'ma 19 koloko mpaka 21 koloko, kuchipinda kumene mumagona, osati panja pamsewu. Muimbe vidiyo pa WhatsApp kwa abale ku Mchinji muone ngati nkhope ikuuma. Muyesenso magetsi atazima. Chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankapita maola ambirimbiri, ndipo tinaphunzira kuti nsanja nazonso zimadalira mabatire ndi majenereta. Kwina netiweki inkapirira, kwina inkazima limodzi ndi babu. Mlungu umodzi woyesa chonchi udzakuuzani zoona kuposa tonse tili m'gulu muno.

Tsopano za ndalama, pamene pali mtima wa nkhaniyi. Kuno layini si yoimbira yokha, ndi chikwama. Lendi, mayunitsi a magetsi a ZESCO, madzi, sukulu, chilimba (chipereganyu), katundu ku Soweto Market, zonse zimadutsa pafoni. Kwanu munazolowera Mpamba ndi Airtel Money, kuno zazikulu ndi Airtel Money ndi MTN MoMo, ndipo mabuthu ofiira ndi achikasu mwawaona kale mmene adzazira m'misewu. Koma buthu kukhalapo sikutanthauza kuti muli ndalama. Pali chinthu chimene timati fuloti. Mukabwera kudzatapa, ine ndiyenera kukhala ndi ndalama zogwirika m'kabati. Mukabwera kudzaika, ndiyenera kukhala ndi ndalama m'foni ya buthu. Mawu akuti "palibe fuloti" ndawanena kambirimbiri, makamaka pakutha pa mwezi, munthu ataima pawindo ndi mwana kumsana. Pano pa tauni mumangopita buthu yotsatira. Kumudzi buthu ikhoza kukhala imodzi yokha pa mtunda wa ola lathunthu panjinga. Mukatumiza ndalama ku layini imene ajenti wa kumeneko sagwira, ndiye kuti apongozi anu akwera njinga ya kabaza mpaka pa boma, ndalama ina n'kuthera panjira. Afunseni kuti amatapira kuti, ndipo ajenti wakeyo ndi wa kampani iti.

Masiku ano n'zotheka kutumiza kuchokera ku kampani ina kupita ku ina, sizili ngati kale. Koma mtengo wake muziuyang'ana musanaike PIN, ndipo dziwani kuti kuyambira Januwale 2024 boma limadulapo kamsonkho potumizirana ndalama pafoni. N'kochepa pa ulendo umodzi, koma kwa munthu wotumiza pafupipafupi kamaoneka.

Chinthu chimene ndikupemphani ndi mtima wonse: SIM mulembetse m'dzina lanu. Lamulo la ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni kuno, limafuna kuti SIM iliyonse ikhale yolembetsedwa. A kuno amalembetsa ndi NRC, chitupa chawo cha unzika, inu mupite ndi pasipoti yanu ku shopu yeniyeni ya kampaniyo, m'tauni kapena m'ma mall. Anyamata a pamsewu adzakuitanani kuti ali ndi SIM yolembetsa kale, mungoika n'kuyamba kuimba. Akaneni. Ena adzati ingolembetsani pa NRC ya bambo, si banja limodzi kodi? Ndikudziwa kuti zikumveka zophweka. Koma tsiku lina kunabwera mayi wina pabuthu panga, wogulitsa salaula (kaunjika), foni atamubera m'basi pa Kulima Tower. M'layinimo munali ndalama za belo lathunthu. Anapita kukatenga SIM ina ya nambala yomweyo, n'kumuuza kuti abwere mwini dzina. Mwini dzinayo anali mphwake amene anasamukira ku Solwezi kalekale ndipo sankayankha foni. Mayi uja anakhala pa benchi yanga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akungopukuta maso ndi chitenje. Ine ndinalibe chomuthandiza nacho. Ndalama zimamvera dzina limene lili m'kompyuta, osati amene wagwira foni.

Muganizirenso kuti nambala siisamuka. Mukachoka ku kampani ina kupita ku ina, nambala yakale mumaisiya komweko. Lero n'zosavuta chifukwa akukudziwani ndi ochepa. Pakatha chaka, nambalayo idzakhala ili kwa eni nyumba, ku tchalitchi, ku kiliniki, kwa makasitomala ngati muyamba geni. N'chifukwa chake ndikuti yesani kaye panopa.

Manambala achidule ndi ofanana pa makampani akuluakuluwa: *114# kuona tokotaimu yotsala, *117# kugula bandulo, *115# ya mobile money, 111 kulankhula ndi a kampani. Mitengo ya mabandulo sindilemba pano, imasintha kawirikawiri, ingodinani *117# muone ya lero. Koma poyang'ana musathamangire kukula kwa ma GB. Onani kuti ikutha liti. Pali ya tsiku, ya mlungu, ya mwezi, ndipo pali ina yooneka yaikulu koma imagwira usiku wokhawokha anthu atagona, kapena ndi ya WhatsApp ndi Facebook basi. Onaninso ngati mphindi zake zili zoimbira ma layini onse. Ndipo musasiye tokotaimu ili chikhalire m'foni data ili yoyatsa, bandulo ikatha foni ina imayamba kudya tokotaimuyo mwakachetechete. Ine ndimasiya ndalama mu mobile money, n'kumagula bandulo kuchokera mmenemo ikafunika. Ngongole za tokotaimu ndi za mobile money zimene azikutumizirani mauthenga okunyengererani, zisiyeni kaye mpaka muzolowere. Kukongola n'kosavuta, kungodina kawiri, koma akamadula amadula ndi chiwongola dzanja chomwe.

Za 5G musavutike nazo. MTN inayamba mu 2022, Airtel n'kutsatira, koma ili m'madera ochepa ndipo imafuna foni yake. Kwa ine ndi inu, 4G yokhazikika kuchipinda ndiyo nkhani.

Mukangolembetsa, pasanapite nthawi mudzalandira uthenga wakuti "ndalama zija tumizani pa nambala iyi", kapena wina adzaimba kuti ndine wa kukampani, ndakutumizirani ndalama molakwitsa, bwezani. Ndi akuba. Amakonda kwambiri munthu amene akumveka kuti ndi mlendo. PIN yanu musauze munthu, ngakhale wa m'buthu. Ajenti woona amakupatsani foni kuti mudine nokha, ndipo iye amayang'ana kumbali. Nambala ya wakubayo mukhoza kuinena podina *707#.

Kuimba ku Malawi mwachindunji pa +265 ndi kodula pa layini iliyonse, choncho abale a ku Mchinji muzilankhula nawo pa WhatsApp. Amene alibe foni ya intaneti, pezani mwana mmodzi pamudzi amene ali nayo, muzipangana nthawi. Potumiza ndalama kumeneko ambiri m'gulu muno amadzera ku Mukuru. SIM yanu ya TNM kapena Airtel ya kwanu musataye, muisunge pabwino ndipo muzithiramo kanthu mwa apo ndi apo kuti isatsekedwe, mudzaifuna mukangodutsa pa Mwami. Pamalire pomwepo muzisamala, foni imatha kudumphira ku netiweki ya tsidya lina inu musanaoloke, n'kuyamba kukudyerani ndalama za roaming.

Mukandikakamiza kuti nditchule, ndinena chonchi. Layini yoyamba, yosungira ndalama ndi yopatsa anthu, ikhale Airtel kapena MTN, chifukwa ndizo zili ndi anthu ambiri ndi mabuthu ambiri, ndipo pa ziwirizi musankhe imene apongozi ali nayo, pokhapokha mutapeza kuti m'nyumba mwanu siigwira. Malo achiwiri m'foni asiyireni data. Pamenepo musakhale wokhulupirika kwa aliyense: Zamtel, Zed, kapena inzake ya ziwiri zija, iliyonse imene mwezi umenewo ikuthamanga ku Chawama pa mtengo wabwino. Ine ndimayenda ndi ziwiri chonchi, ndipo yachiwiriyo ndaisinthapo katatu.

Mu Ogasiti bambo a kunyumba kwanu akakutengani kupita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, mudzatape ndalama zanu muli ku Lusaka konkuno kapena pa Petauke. Tsiku limenelo anthu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzaza malo amodzi kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, netiweki imalemedwa, ndipo fuloti m'mabuthu a pafupi imatha dzuwa lisanafike pamutu.