Za mwana wa zaka 8 ndi maphunziro a zovina pa tchuthi

Mayi, mwafunsa ngati mwana wanu wa zaka 8 angapite ku maphunziro a zovina pa tchuthi. Mloleni apite, zaka 8 zakwana bwinobwino. Koma musanalipire, pitani kaye mukaonerere kalasi imodzi ndi maso anu. Mphunzitsi akakana kuti kholo lilowe, tengani mwana wanu muzibwerera. Pamenepo ine sindinyengerera.

Mukalowa, yang'anani pansi povinirapo. Wanga anavina masabata atatu pa simenti yokhayokha tsiku ndi tsiku, mapeto ake anayamba kudandaula zidendene mpaka kumatsimphina. Pa matabwa kapena poyala mphasa yarabala ndiye pabwino, chifukwa mafupa a mwana amakhala akukulabe ndipo kudumpha pamalo olimba kumawapweteka. Onaninso ngati amayamba ndi kutenthetsa thupi, komanso ngati mphunzitsiyo sakankha ana pamsana powakakamiza kutambasula miyendo. Ola limodzi kapena maola awiri pa tsiku ndi okwanira, botolo la madzi lili pambali.

Ngati ndi gule wachizungu wotchedwa ballet, nsapato zoimira pa nsonga za zala zija asavale asanafike zaka 11 kapena 12, ngakhale alire bwanji.

Ululu ukapitirira masiku angapo kapena pakatupa, aime kaye mukaonane ndi dokotala. Ngati ali ndi mphumu, kafunseni kuchipatala asanayambe n'komwe.