Mafunso Anu: Kodi ndalama za Mtukula Pakhomo zingathandize kumunda?

Funso: Agogo anga alembedwa mu Mtukula Pakhomo. Akulera zidzukulu zinayi ndipo munda wawo ndi ekala imodzi. Ndalama zomwe amalandira sizikwana ngakhale thumba limodzi la feteleza. Angapindule nazo chiyani? — Wowerenga, Kapiri, Mchinji

Yankho: Za thumba la feteleza mwanena zoona. Pulogalamuyi, yomwe inayambira kwanuko ku Mchinji mu 2006 isanafike m'maboma ena, ndi ya mabanja osaukitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Phindu lake kumunda limaonekera pa nyengo yopalira.

Mu Disembala ndi Januwale ufa ukatha m'nyumba, ana okulirapo amalawirira kuganyu m'minda ya ena kapena ku esiteti ya fodya, n'kubwerako madzulo ndi kambale ka ufa. Munda wa agogo umatsala m'tchire. Chimanga chimafuna khasu m'masabata atatu oyamba chitamera. Udzu ukachipitirira pamenepo chimachita chikasu n'kunyozoloka, ndipo kupalira mochedwa sikubwezanso zomwe zatayika. Njala ya chaka chamawa imayambira pomwepo.

Choncho agogo agule chimanga pang'onopang'ono mu Meyi ndi Juni, mtengo uli pansi. Chiume bwino, kenaka achisunge m'matumba osalowa mpweya a PICS kapena achithire mankhwala a Actellic, apo ayi anankafumbwe achisandutsa fumbi isanafike Novembala. Chakudya chikakhalapo, ana amapalira kwawo, ndipo banja silipita kukatenga katapila wodzabweza kawiri pokolola. Asungenso kangachepe kolipira aganyu masiku awiri kapena atatu opalira, poti msana wa agogo sungathe ekala yonse.

Gawo lina la munda adzale mtedza wa CG7 kapena soya. Mbewuzi sizilira feteleza wa yureya chifukwa mizu yake imadzipangira chonde. Mizere italikirane masentimita 75, ndipo pamwamba pa mzere uliwonse adzale mbewu m'timizere tiwiri. Mlangizi wa zaulimi m'deralo awaonetsa kadzalidwe kake.

Ambiri amathamangira mbuzi. Ife timati ayambe ndi nkhuku ziwiri kapena zitatu, koma katemera wa chitopa wa I-2, wodonthezera m'diso uja, asaphonye miyezi itatu kapena inayi iliyonse. Popanda katemerayu khola lonse limatha sabata imodzi nyengo yotentha. Mbuzi idzabwera pogawana masheya kubanki mkhonde. Kungoti ngongole ya kumeneko asatengere ndiwo kapena chitenje, chiwongoladzanja chidzadya ndalama za mwezi wotsatira.

Pa ana omwe ali pasukulu pamakhala ndalama yowonjezera. Imeneyo ipite ku makope ndi yunifolomu.

Funso: Wina anandiimbira foni kuti ndi wa Mtukula Pakhomo, nditumize ndalama kuti dzina langa lilowe. Nditumize? — Mayi wa ku Santhe, Kasungu

Yankho: Musatumize, mayi, ameneyo ndi wakuba. Kulembedwa mu Mtukula Pakhomo n'kwaulere, ndipo maina amachokera m'kalembera wa m'midzi, osati pafoni. Nambala yanu yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba musauze munthu, ngakhale ejenti amene akukupatsani ndalama, lembani nokha. Aliyense wopempha gawo la ndalama za wolandira, kaya ndi mfumu kaya wa mukomiti, akanenedwe ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma, ndipo nambala yomwe inakuimbiraniyo mukaipereke kupolisi.