Ine zinandigwera ku Leeds, musazitenge mwamasewera

Achemwali, mwandikhudza pachilonda. Mndandanda wa zining'a za Chingerezi umene mukuti mukuloweza uja inenso ndinaloweza ndisananyamuke, mayeso a Chingerezi a IELTS ndinakhoza bwinobwino, pa MSCE Chingerezi ndinapeza credit. Nditafika ku Leeds, mzinda wa ku England, mu 2022 kudzayamba ntchito yosamalira okalamba, zonsezo zinangokhala kutungira madzi m'dengu.

Sabata yachiwiri, shifiti ya usiku. Agogo ena a zaka zoposa 90 anandigwira dzanja n'kunong'oneza, "I need to spend a penny, love." Ine ndinamva za ndalama. Ndinayamba kusakasaka kachikwama kawo m'kabati, pansi pa pilo, m'matumba a jekete, uku ndikuwauza kuti mashopu atseka, tikagula mawa. Iwo kubwereza, kubwerezanso, nkhope ikusintha, manja akunjenjemera. Pamene ndimazindikira n'kuti mkodzo utayenderera kale pampando mpaka m'masilipasi. Agogo aja analira, abale anga. Mayi woti anaphunzitsa ana asukulu moyo wake wonse, kubisa nkhope m'manja chifukwa cha ine. Ndinawasambitsa misozi ili m'maso, iwo n'kumandipepesa ine.

Mawuwo akutanthauza kupita kuchimbudzi. Kale kuno zitseko za zimbudzi za m'tauni zinkatseguka ukaponyamo penny imodzi, ndiye okalamba amanenabe choncho pochita ulemu, ngati mmene ife timanenera kuti ndikataye madzi. Ndani anandiuzapo?

Amene amandipsetsa mtima mpaka lero ndi mkulu wa shifiti uja. Anandikalipira pakhonde anzanga onse akumva, ati kodi kumene ndachokera kulibe sukulu, kenako analemba lipoti kuti ndinanyalanyaza wokalamba. Munthu yemweyo ndi amene anandizungulitsa nyumba yonse tsiku loyamba, kundionetsa zitseko zothawira moto ndi makina onyamulira odwala, koma mawu amene agogowa amalankhula tsiku lililonse sananditchulire ndi limodzi lomwe. Tsiku lina nditamufunsa chifukwa chake akuti "tea" pomwe m'mbale muli mbatata ndi nyama, anaseka mpaka kuitana mnzake kuti adzamve. Kuno ku Yorkshire, dera lomwe kuli Leeds, "tea" ndi chakudya chamadzulo, "dinner" ndi chamasana. Ndinangomeza malovu, poti viza yanga inali m'manja mwa bwana wawo.

Ndiye mndandandawo usakutayitseni nthawi. "Raining cats and dogs", kutanthauza chimvula champhamvu, ine chibwerere sindinamvepo munthu akunena, chonsecho mvula kuno siikata. Zimene mudzakumane nazo ndi zing'onozing'ono: "you alright?" ndi moni chabe, musayambe kufotokoza za mutu umene ukukupwetekani, "ta" ndi zikomo, "pop to the loo" ndi chimbudzi chomwecho, wina akati ali "under the weather" ndiye kuti sakupeza bwino m'thupi. Tsegulani wailesi ya dera lomwe mukupitalo, ine inandithandiza BBC Radio Leeds, makamaka nthawi imene anthu wamba amaimba foni.

Ndipo mukapanda kumva, funsani pomwepo, musayerekeze kuti mwamva. Akuseka, aseke. Komanso gulani kakope kakang'ono, mawu alionse achilendo muzilemba, usiku muziloweza mokweza. Kanga kadzaza kachitatu tsopano, tsamba loyamba pali mawu a agogo aja.