Achemwali, X-ray yanga nayonso inali yoyera

Eeh achemwali, ndawerenga zomwe mwalemba pagulu pano za mwendo wanu womwe ukupwetekabe patatha miyezi 8. Ndafika pomwe mwalemba kuti a dokotala akuti mafupa anagwirana bwinobwino ndiye palibe chifukwa choti muzimvabe ululu, manja anga ayamba kunjenjemera. Mawu omwewo ndi amene anandiuza ine. Ndilemba mothamanga, zolakwika mundikhululukire.

Ine patha zaka 4. Lole inatigunda cham'mbali, mbali yomwe ndinakhala ineyo. Mwendo wakumanzere unathyoka pamwamba pa kakolo, anandiika zitsulo kenako chikhakha. Aliyense ankati ndithokoze Mulungu kuti ndili moyo, ndipo ndinathokozadi. Mavuto anayamba atachotsa chikhakhacho. Phazi linkayaka ngati ndaponda makala, koma ukaligwira lozizira kuposa linzake. Chofunda chikangolikhudza ndinkakuwa. Madzi osamba akagwerapo ankakhala ngati singano. Lero lofiira, mawa lotuwa, mkuja lotupa mpaka nsapato osalowa.

Anandijambula katatu. Ulendo wachitatuwo dokotala wina, dzina lake sinditchula ngakhale kuti sindidzaliiwala, ananyamula chithunzi chija n'kuchiyang'ana pazenera. Sokosi sanandiuze kuti ndivule. Phazi lenilenilo sanalione n'komwe! Anangoti, "Mayi, apa palibe chilichonse. Mwina mukungoganiza kwambiri za ngozi ija." Ananena zimenezi amuna anga ali pomwepo, ndipo analembanso kalata yoti ndikhoza kubwerera kuntchito. Munthu uja sakudziwa zomwe anandichita ndi mphindi zisanu zake zija. Kuyambira tsikulo ndikabuula usiku, bambo a kunyumba ankangotembenuka n'kuti, "Paja a dokotala anati chiyani?" Abwana kuntchito anayamba kundiwerengera masiku. Achibale ankanong'onezana kuti ndikufuna ndalama za inshuwalansi. Mpaka ine mwiniwake ndinayamba kudzikayikira kuti kapena ndikupenga.

Ndiye ndinasiya kudandaula, n'kuyamba kudzigulira ndekha mankhwala. M'mawa diclofenac, masana ibuprofen, usiku diclofenac winanso. Sindinkadziwa kuti awiriwa ndi a gulu limodzi, ndipo kuwaphatikiza n'kuwotcha m'mimba kawiri. Nthawi zambiri ndinkamwa ndisanadye chifukwa ululu unkandichotsera chilakolako cha chakudya. Chimbudzi chitayamba kutuluka chakuda ngati phula ndinaona, koma ndinati ndikauza ndani, poti zonse zili m'mutu mwanga.

Usiku umenewo sindidzauiwala. Inali cha m'ma 2 koloko. Ndinadzuka mtima ukuthamanga, thukuta lozizira thupi lonse, nseru yoopsa. Kuponda pansi sindikanatha, ndiye ndinatsika pabedi n'kuyamba kukwawa ndi maondo, phazi lija nditalikweza m'mwamba kuti lisakhudze simenti. Amuna anga sindinawadzutse. Tamvani achemwali, munthu ukufa koma ukuopa kudzutsa mwamuna wako chifukwa akufunsanso za a dokotala. Ndinafika kubafa. Zoyamba kusanza zinali zakuda ngati khofi, zachiwiri zinali zofiira, magazi enieni. Ndinagona cham'mbali tsaya lili pansi pozizira, ndikumva madzi akudontha pampopi, ndipo chomwe chinabwera m'mutu mwanga si pemphero ayi, ndinangoti bola, tsopano pali choti aone. Amene anandipeza ndi mwana wanga wamkazi, nthawi imeneyo anali ndi zaka 7. Sanakuwe. Anatenga kathaulo kake n'kuyamba kupukuta pansi, akunong'ona kuti, "Amama musadandaule, ndipukuta adadi asanaone." Mwana wa zaka 7 anali ataphunzira kale kuti matenda a amake ndi chinthu chobisa. Ichi ndi chomwe sindimukhululukira dokotala uja. Za phazi mwina ndingaiwale, koma za kathaulo kaja ayi.

Kuchipatala anandiika magazi, anandilowetsa kachubu ka kamera kukhosi n'kupeza chilonda m'mimba. Ndipo mudziwe, sabata imeneyo aliyense anali wachifundo. Anamwino, achibale, bambo a kunyumba omwe analira. Chifukwa magazi amaoneka. Phazi lomwe linandifikitsa pamenepo palibe anafunsa.

Woyamba kundivula sokosi anali mayi wina wa mafizo, patatha chaka chathunthu. Anaika mapazi onse awiri pamodzi, anagwira ili, anagwira ilo, n'kundifunsa ngati limasintha mtundu komanso ngati zikhadabo zikukula mosiyana. Ndinalira ngati mwana. Iyeyo ndi amene anandifotokozera kuti X-ray imaonetsa mafupa basi, mitsempha yotumiza uthenga wa ululu siioneka pamenepo. MRI, makina ena ojambula m'kati mwa thupi, imaonetsa minofu ndi zina zofewa, koma nayonso ululu siiujambula. Ngakhale kuyeza kuja kwa timagetsi, komwe amati nerve conduction, kumayeza mitsempha ikuluikulu, timitsempha ting'onoting'ono tomwe timamva kutentha ndi kubaya sitioneka. Anati nthawi zina bala limapola koma mitsempha ndi ubongo zimakhalabe zikuliza belu la ngozi, mpaka kukhudzidwa ndi nsalu kumamveka ngati mpeni. Ndiye "palibe chilichonse" tanthauzo lake lenileni ndi lakuti makina omwe agwiritsa ntchitowo sanaone, basi.

Anatchulanso matenda ena otchedwa CRPS, omwe amakonda kubwera dzanja kapena mwendo ukathyoka. Alibe kuyeza kwa magazi, madokotala amangotsata mndandanda wa zizindikiro womwe amautcha Budapest criteria: kumva kuwawa ndi kakukhudza kochepa, kusintha kwa mtundu ndi kutentha kwa khungu, kutupa kapena thukuta, kuuma kwa mfundo ndi kusintha kwa zikhadabo ndi ubweya. Ndinasangalala, ndinati dzina lapezeka. Koma dokotala mmodzi anati zikufanana, wina anati tsiku lomwe anandiona phazi silinatupe ndiye sangalembe. Mpaka lero pamapepala anga palibe dzina. Inu mwati patha miyezi 8. Dziwani kuti ululu ukapitirira miyezi 3 umawerengedwa kale kuti ndi wokhalitsa, ndipo m'buku la matenda la bungwe la WHO, ICD-11, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022, ululu wokhalitsa wobwera pambuyo povulala uli ndi malo akeake. Si ulesi, si kufuna chisoni.

Tsono malangizo anga, atengeni omwe angakuthandizeni. Musakalipire madokotala, mukatero amangolemba kuti ndinu wovuta ndipo wotsatira amawerenga zimenezo asanakuoneni. Ngakhale kunena zoona ine kalata yopita kwa dokotala wa mitsempha ndinaipeza tsiku lomwe ndinakhala pansi pakhomo la ofesi n'kukuwa kuti sindichoka. Koma inu yambani mwaulemu. Gulani kope, muzilemba tsiku lililonse nthawi yomwe ululu wayamba, ukumveka bwanji, kuyaka kapena kubaya kapena kuphwanya kapena dzanzi, chifukwa mawu amenewa ndi amene amawathandiza kusiyanitsa ululu wa mitsempha ndi wa mafupa. Mwendo ukatupa kapena kusintha mtundu jambulani pafoni, miyendo yonse iwiri pamodzi, poti tsiku lokaonana ndi dokotala umakhala bwinobwino ngati ukuchita dala. Ndipo muwapemphe kuti agwire pomwe pakupwetekapo, asangoyang'ana chithunzi. Pitani ndi munthu woti akuchitireni umboni, koma musankhe bwino, mwaona zomwe zinandichitikira ine.

Za mapiritsi, chonde musachite zanga. Diclofenac ndi ibuprofen osaphatikiza, osamwa miyezi ndi miyezi, amawononga m'mimba ndi impso, ndipo pa ululu wa mitsempha sathandiza kwenikweni. Paracetamol nayenso ali ndi malire, munthu wamkulu asapitirire magalamu 4 patsiku, ndiye kuti mapiritsi 8 a 500 mg, kupitirira apo chiwindi chimaonongeka. Tramadol, mankhwala ena a ululu, amazolowereka, samalani naye. Chimbudzi chikada ngati phula thamangani kuchipatala tsiku lomwelo. Ine chomwe chinandithandiza kugona ndi amitriptyline wochepa usiku, wolembedwa ndi dokotala. Amaumitsa kukamwa ndipo amatenga masabata kuti ayambe kugwira. Mukawerenga kapepala kake mupeza kuti ndi mankhwala a matenda okhumudwa, musadabwe, pamlingo wochepa amaperekedwa pa ululu wa mitsempha. Bambo a kunyumba atawerenga kapepalako anati, "Waona, ndimanena ine." Ndinakang'amba. Gabapentin anandiyesanso koma ankandizunguza mutu, ena amawayanja.

Popeza mwatchulanso msana, mukadzamva dzanzi pakati pa ntchafu, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikukanika kapena zikungotuluka zokha, kapena miyendo ikufooka mwadzidzidzi, musadikire kuche kapena kufunsa pagulu pano. Imeneyo ndi ya usiku womwewo.

Mafizo musasiye, mwendo ukaugoneka umauma ndipo ululu umakula. Ine ndinasiya kawiri chifukwa ndikachokako ndinkagona masiku awiri, koma musatengere ine. Chomwe ndinaphunzira n'chakuti tsiku lomwe mwadzuka bwino musagwire ntchito zonse za sabata, mawa lake mulipira. Ndipo wa uphungu akapezeka muonaneni naye, sizikutanthauza kuti dokotala uja ananena zoona. Ine mpaka pano lole ikandidutsa pafupi thupi lonse limauma, ndipo usiku umenewo phazi limayaka kwambiri.

China, musathe moyo wanu kusakasaka dzina la matendawa. Ndaonongapo ndalama zambiri ndi misozi, thandizo lomwe ndinapeza linabwera dzina lisanapezeke. Ndikunena izi koma mwezi wamawa ndikukaonananso ndi dokotala wina, wachisanu ndi chiwiri, kope langa lili kale m'chikwama.

Ndiime kaye, ndakhala pampando nthawi yaitali ndipo layambapo kuyaka. Mundiyankhe apa: mwendo wanuwo ukamapweteka, mukaugwira umatentha kapena kuzizira mosiyana ndi unzake?