Mkaka woyamba uja umapulumuka bwanji m'mimba mwa thole?

FUNSO: A Mkonzi ndithandizeni. Ndimaweta ng'ombe ndipo alangizi amatiuza kuti thole likangobadwa liyamwe msanga mkaka woyamba wachikasu uja chifukwa muli chitetezo. Koma mwana wanga wa ku sekondale akuti chitetezocho ndi mapuloteni, ndipo mapuloteni akafika m'mimba amagayidwa basi. Nanga chikagayidwa chiteteza bwanji? Kapena alangiziwo amangotiopseza?

YANKHO: Bambo, mwana wanuyo sakunama, komanso alangiziwo sakukuopsezani ayi. Ma antibody, omwe ambirife timangoti asilikali a m'thupi, ndi mapuloteni ndithu, ndipo inuyo mutati mumwe mkaka umenewo lero ambiri angagayidwe ngati ndiwo wamba. M'matumbo mumatsikira enzyme (chogayira chakudya m'thupi) yochokera ku kapamba dzina lake trypsin, ntchito yake ndi kuduladula mapuloteni ngati sizasi.

Koma mayi wa thole uja sikuti amangotumiza asilikaliwo okha okha. Mu mkaka woyambawo mulinso kapuloteni kena kakang'ono kamene kamakakamira pa trypsin n'kuigwira kuti isadule kanthu, akatswiri amakatcha trypsin inhibitor, ndipo asayansi ena otchedwa a Laskowski anakapatula kuchokera mu mkaka woyamba wa ng'ombe kalekale mu 1951. Kamakhala kambiri pa kukama koyamba kenako kamatsika msanga masiku otsatira, chimodzimodzi ma antibody aja. Nkhumba ndiye ili nako kambiri zedi, moti kena kamalowa m'magazi mwa tiana take n'kudzapezeka mu mkodzo. Onjezerani apo kuti m'mimba mwa thole longobadwa kumene asidi amakhala wochepa, ndiye mapuloteni ambiri amafika m'matumbo ali athunthu.

Tsono apa mpamene pagona nkhani. Matumbo a thole pa maola oyambirira amameza mapuloteni akuluakulu osagayidwa n'kuwapititsa m'magazi, koma mwayi umenewu sukhalitsa, pakangodutsa maola 6 mphamvu yomezayo yatsika kale ndipo pofika maola 24 khomo latsekeka, ngakhale mutalimwetsa ndowa yonse chitetezo sichilowanso m'magazi. Tiana ta nkhumba timafikako maola 24 mpaka 36. Makoswe ndiye odala, ana awo amapitiriza kumeza ma antibody pafupifupi milungu itatu.

Chifukwa chiyani zonsezi? Nsengwa ya ng'ombe, mbuzi, nkhosa, nkhumba ndi hatchi simalola ma antibody kudutsa kupita kwa mwana ali m'mimba, ndiye thole limabadwa lopanda chitetezo, likachedwa kuyamwa mpamene mumaona kutsekula m'mimba, chibayo, mchombo kutupa, kenako mwataya chiweto. Kwa anthu ndi zosiyanako, khanda limalandira ma antibody ambiri kudzera mu nsengwa miyezi yomaliza ya pakati. Koma amayi musati ndiye tiziufinyira pansi mkaka woyambawo, ayi ndithu! Muli mtundu wina wa antibody, IgA, umene umamata m'matumbo n'kumatchinga tizilombo, ndipo mkaka wa munthu nawo uli ndi zogwira ma enzyme monga alpha-1-antitrypsin.

Kunena zoona ine sindinganene kuti kapuloteni kaja ndiye mwini filimu, kamangothandizira, chachikulu ndi nthawi komanso kuchuluka kwa mkakawo. Thole limwe wokwana magawo 10 pa 100 a kulemera kwake, ndiye kuti la makilo 40 limwe malita 4, ndipo bwino ndithu m'maola oyambirira omwewo, likakhala lofooka kamani mulimwetse ndi botolo loyera osadikira kuti lidzuke lokha. Ena amauwiritsa poopa matenda, pepani koma ukabwata ma antibody amawonongeka ndipo umagwirana. Amene ali ndi zipangizo amaufunditsa pa madigiri 60 a Celsius kwa ola limodzi, osapitirira apo.