Sukulu ya kufupi ili ndi 4 pa 10: tisamuke kapena tikhale?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wakhala kuno ku America zaka zitatu tsopano. Ndaifupikitsa, koma mawu ndi awo:

"Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 11, akumaliza giredi 5. Chaka chamawa ayamba middle school (giredi 6 mpaka 8), ndipo sukulu ya boma ya dera lathu ili ndi 4 pa 10 pa GreatSchools. Tsidya lina la tauni kuli ina ya 8 pa 10, koma lendi ya kumeneko ikuposa yathu ndi madola 600 pamwezi. Bambo ake akuti tingosamuka basi. Mayi wina woyandikana naye nyumba akuti pasukulu yathuyi ana amamenyana tsiku ndi tsiku, ngakhale ana awo anachokapo kalekale. Tulo sindikuliona. Kodi sukulu yabwino mumaidziwa bwanji?"

Mayi, zikomo polemba. Ndiyankha motalikirapo, chifukwa inenso njira imeneyi ndinaiyenda, ndipo pali pomwe ndinapunthwa pamene sindikufuna inu mukapunthwepo.

Musanayambe kumanga katundu, dziwani kaye chimene 4 ameneyo akuyeza. Lamulo lalikulu la maphunziro kuno, Every Student Succeeds Act, lomwe Barack Obama anasainira mu Disembala 2015, limati ana onse kuyambira giredi 3 mpaka 8 azilemba mayeso a kuwerenga ndi masamu chaka chilichonse. GreatSchools si boma. Ndi bungwe loima palokha lomwe limatenga zotsatira ngati zimenezi n'kuziphika mpaka patsale nambala imodzi, ndipo nambalayo ndi yomwe mumaiona pansi pa chithunzi cha nyumba pa Zillow, webusaiti yotsatsira nyumba. Vuto lake n'lakuti malikisi a mayeso amatsata thumba la makolo. Si nkhani ya lero: mu 1966 lipoti la James Coleman linasonyeza kale kuti banja limene mwana akuchokera limalemera kwambiri pa zotsatira zake kusiyana ndi zipangizo za pasukulu. Mwana amene kwawo kuli mabuku ndwii, amenenso Loweruka lililonse amabwera mphunzitsi wolipidwa kudzamuthandiza masamu, akakhoza, ulemu umapita kusukulu yake. Choncho nthawi zambiri nambala ija imakuuzani za ana amene amalowa pageti m'mawa, osati zimene aphunzitsi amachita nawo akalowa. Mu 2020 eni ake a GreatSchools anasintha kawerengedwe kuti kupita patsogolo kwa ana kuzilemerako, komabe sukulu yonse singakwane m'nambala imodzi.

Nambala yomwe ine ndimaifunafuna ili pa webusaiti ya dipatimenti ya maphunziro ya state yanu, pa chimene amati school report card. Lamulo lomwe lija limawakakamiza kuisindikiza, ndipo ndi yaulere. Mukaitsegula, dumphani kaye mzere wonena kuti ndi ana angati anakhoza, mufune mawu oti growth. Ameneyo amayeza mtunda umene mwana wayenda kuchokera pomwe anali chaka chatha. Mwana wolowa giredi 6 akuwerenga ngati wa giredi 4, n'kutseka chaka akuwerenga ngati wa pakati pa giredi 5, pa mayeso walepherabe, koma mphunzitsi wake walima munda wa chaka ndi theka m'chaka chimodzi. Mu 2017 Sean Reardon wa ku yunivesite ya Stanford anapeza kuti ana a m'sukulu za boma za ku Chicago, zomwe anthu ankazinyoza, ankaphunzira za zaka pafupifupi 6 m'zaka 5 zokha, kuyambira giredi 3 mpaka 8. Malikisi awo anali otsikabe, koma liwiro lawo linkaposa la madera ambiri olemera. Ndiye ngati sukulu yanu ya 4 ili ndi growth yapakati kapena yokwera, mtima uziyamba kukhala m'malo. Ngati zonse ziwiri zili pansi, apo pali nkhani. Ndipo muchite chimodzimodzi ndi ya 8 ija. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: zilipo sukulu zomwe zimalandira ana okhoza kale n'kungowasunga zaka zitatu.

Pa tsamba lomwelo zotsatira zimagawidwa m'magulu: ana a mabanja osauka, ana akuda, ana amene akuphunzira Chingerezi, ana olumala. Musamangoona avereji ya sukulu yonse. Onani mzere wa ana ofanana ndi wanu, m'sukulu zonse ziwiri. Mukhoza kudabwa.

Palinso nambala ya kujomba. Mwana akajomba 10 peresenti ya masiku a chaka, ndiye kuti masiku 18 pa masiku ngati 180, amamuika m'gulu la chronic absence. Chibwerereni mliri wa Covid vutoli linakula pafupifupi kawiri m'dziko lonse lino, kotero musayerekeze ndi zakale, yerekezani ndi sukulu zoyandikana nazo chaka chomwecho. Ana sathawa malo amene akusangalala nawo. Aphunzitsinso chimodzimodzi, n'chifukwa chake funso langa loyamba kwa ahedi limakhala lakuti, mwa aphunzitsi a giredi 6 a chaka chino, ndi angati analipo zaka zitatu zapitazo, nanga inuyo mwakhala pano zaka zingati? Sukulu yomwe yasintha ahedi katatu m'zaka zisanu ndiyofunika kuiyang'ana kawiri, kaya khoma lake lapakidwa penti yokongola bwanji.

Nambala zonsezi ndi za pakompyuta, mukhoza kuzimaliza usiku umodzi. Zenizeni zili kusukulu komweko.

Muganize chimene chikusintha kwa mwana wanu. Kufika lero wakhala ndi mphunzitsi mmodzi pafupifupi tsiku lonse, womudziwa ngakhale nkhope ikangogwa pang'ono. Chaka chamawa adzakhala ndi aphunzitsi 6 kapena 7, aliyense ndi chipinda chake, malamulo ake, homuweki yake, ndipo mphunzitsi mmodzi amatha kuona ana oposa 100 patsiku. Zonsezi zikumupeza pomwe thupi lake likusintha, anzake ayamba kulemera kuposa mawu a amayi ake. Pa msinkhu umenewu mwana amasowa ali pakati pa anthu. Robert Balfanz wa ku yunivesite ya Johns Hopkins ndi anzake anatsatira ana masauzande a ku Philadelphia kuyambira giredi 6, ndipo anapeza kuti mwana amene chaka chimenecho ankajomba kwambiri, kapena analephera masamu, kapena Chingerezi, kapena analembedwa za khalidwe loipa, nthawi zambiri sankamaliza high school pa nthawi yake. Zizindikiro zimaoneka msanga chonchi. Funso ndi lakuti pasukulupo alipo munthu wamkulu woti aziona?

Ndiye imbani foni mupemphe kukaona sukulu tsiku wamba, ana ali m'kalasi. Open house, madzulo aja amene sukulu imaitana makolo kudzaona, mupite ndithu, koma mudziwe kuti imeneyo ndi sukulu itavala za kutchalitchi. Mukafika, pemphani kuti nthawi yosintha makalasi ikupezeni m'kolido. Belu likalira pamakhala mphindi zinayi kapena zisanu zokha, ana mazanamazana akutuluka nthawi imodzi, maloka akumenyetsedwa, phokoso lokhalokha. Phokosolo lisakuopseni, ana a zaka 12 ndi otero kulikonse. Inu muyang'ane akuluakulu. Pasukulu ina yomwe ndinakaona, mayi wina mphunzitsi anaima pakhomo la kalasi yake ndi kapu ya khofi, akutchula mwana aliyense dzina pamene akudutsa. Kamnyamata kena kanabwera kakuthamanga chikwama chili pululu, mapepala akugwa. Mayiyo sanakalipe. Anangoti, "Bwerera utole, ndikudikira," ndipo kamtsikana kena kanawerama n'kumuthandiza popanda woti wakauza. Pasukulu inanso, yomwe inali ndi nambala yapamwamba, belu litalira zitseko zinatseguka, ana anatuluka, koma m'kolido monse munalibe wamkulu ndi mmodzi yemwe. Aphunzitsi onse anali pamakompyuta awo. Zimene zimachitika m'mphindi zinayi zimenezo, ndiponso m'basi ndi pomwe amadyera masana, ndi zomwe mwana wanu azidzabwera nazo kunyumba.

Mupemphenso kulowa m'chimbudzi cha atsikana. Inde, mwamva bwino. Onani ngati zitseko zimatsekeka, ngati muli sopo, ngati zimbudzi zina sanazikhome ndi loko pothawa mavuto. Kwa mtsikana amene watsala pang'ono kutha msinkhu imeneyi si nkhani yaing'ono.

Kenako kambani ndi counselor, mlangizi wa ana pasukulupo. Bungwe la anthu a ntchitoyi, American School Counselor Association, limalimbikitsa kuti mmodzi azisamala ana 250, koma m'malo ambiri amapitirira apo. Mufunseni kuti ali ndi ana angati. Mufunse ngati giredi 6 imagawidwa m'matimu, kutanthauza kuti aphunzitsi anayi kapena asanu amakhala ndi gulu limodzi la ana ndipo amakumana kukambirana za iwo. Mufunse ngati pali advisory, nthawi yochepa yomwe kagulu ka ana kamakhala ndi wamkulu mmodzi yemweyo chaka chonse. Ndipo mufunse chonchi: mwana wanga akajomba masiku atatu otsatizana, kapena malikisi ake akayamba kutsika, adzandiimbira ndani, pakapita masiku angati? Akakupatsani dzina ndi tsiku, ndi bwino. Akayamba kukuwerengerani mfundo za pakhoma, mwamva kale yankho.

Tsopano pomwe ndinapunthwa ine: masamu. Mwana wanga woyamba atalowa giredi 6 ankabwera ndi ma A a masamu, homuweki akuimaliza m'basi, ine n'kumanyadira. Ndinadzazindikira ali giredi 7 kuti pasukulupo panali njira ziwiri za masamu, ndipo ana anawagawa kale kumapeto kwa giredi 5, potengera mayeso ndi mawu a mphunzitsi. Kalata akuti inatumizidwa. Mwina inabweradi, n'kukwiririka m'mulu wa mapepala aja amabwera m'chikwama. Njira yofulumira imafikitsa mwana pa Algebra 1 ali giredi 8, kenako Geometry mu 9, Algebra 2 mu 10, Precalculus mu 11, Calculus mu 12. Wa njira inayo amayamba Algebra 1 mu giredi 9, ndipo kuti adzafike pa Calculus ayenera kudzapanikiza makalasi awiri chaka chimodzi kapena kutaya tchuthi cha chilimwe. Wanga anataya tchuthi, ndipo sanandikhululukire msanga. Safunsa anadya phula.

Sindikunena kuti mwana aliyense athamangitsidwe. Womukankha asanakonzeke amadana ndi masamu moyo wake wonse. Ndikunena kuti chisankhocho chisapangidwe inu muli m'tulo. Nkhaniyi imawotcha kuno: San Francisco inachotsa Algebra 1 mu giredi 8 mu 2014, makolo anakangana nayo zaka khumi, mpaka mu 2024 anagamula zoibwezeretsa. Texas mu 2023 inakhazikitsa lamulo loti mwana amene ali m'gulu la 40 peresenti ya pamwamba pa masamu a giredi 5 azingolembedwa yekha m'kalasi yofulumira, pokhapokha makolo atakana. Mwana wanu ali giredi 5 panopa, ndiye kuti nthawi yake ndi ino. Funsani sabata ino: kodi Algebra 1 ilipo mu giredi 8, amasankha bwanji, ndipo mwana amene sanasankhidwe angalowe liti?

Kanthu kena kapambali, poti mwina kunyumba mumalankhula Chichewa. Mukasamukira ku district ina, kutanthauza dera lina la maphunziro, adzakupatsani fomu yofunsa chinenero cha pakhomo. Lembani zoona. Mwina adzamuyesa Chingerezi, ndipo akaona kuti akufunika thandizo ayenera kukudziwitsani, inunso muli ndi ufulu wovomera kapena kukana. Chofunika kufunsa n'chakuti thandizolo limalowa m'malo mwa phunziro liti pa ndandanda yake, chifukwa pena mwana amataya bandi kapena luso la zojambula, zomwe zikanamupezera anzake.

Za mayi oyandikana nawo aja, mawu awo musawataye, koma muwafunse kuti ana awo anachokapo chaka chanji. Ana onse a middle school amasinthika pa zaka zitatu, mbiri yokha ndi imene imatsalira. Pezani makolo awiri kapena atatu amene ana awo ali pomwepo lero, makamaka a giredi 7. Musawafunse ngati sukuluyo ndi yabwino, adzangoti ili bwino. Afunseni za tsiku limene zinthu zinavuta, ndipo sukulu inachitapo chiyani. Ndewu zimachitika ngakhale pa 10 pa 10. Kusiyana kuli pa zimene zimatsatira mawa lake. Chiwerengero cha ana oimitsidwa sukulu nachonso chimapezeka m'malipoti a boma, mukhoza kuyerekeza.

Mufunsenso nthawi yolowera ndi ya basi. Madokotala a ana a American Academy of Pediatrics ananena mu 2014 kuti ana a msinkhu uwu asamayambe sukulu isanakwane 8:30 m'mawa, koma ambiri amayambabe kale kuposa apo. Sukulu yakutali imadya tulo ta mwana, komanso imavuta kukamutenga akatsalira ku masewera kapena kukalabu.

Nanga kusamuka? Madola 600 pamwezi ndi 7,200 pachaka, 21,600 pa zaka zitatu. Ngati ndalama zimenezo zikutanthauza kuti inu kapena bambo ake muwonjezere shifiti ya usiku, ndiye kuti mwagula 8 uja pogulitsa maola amene mwana akanakupezani pakhomo. Ine malonda amenewo sindingawapange, pokhapokha growth ili pansi, aphunzitsi akuthawa chaka ndi chaka, ndipo m'kolido muja simunaone wamkulu. Zitatuzi zikakumana, chokanipo, osayang'ana m'mbuyo. Koma ngakhale apo, yambani mwafunsa ku ofesi ya district za transfer (kusintha sukulu osasamuka nyumba), za sukulu zapadera zotchedwa magnet kapena charter, zomwe ndi zaulere. Kungoti mafomu ake ambiri amatsekedwa m'miyezi yozizira, chaka cha sukulu chisanayandikire n'komwe, ndiye musazengereze.

Popita kukaona, bambo ake apite nawo, asamve za m'maluwa. Mwananso mumutenge, ndipo pobwerera m'galimoto musamufunse ngati waikonda. Mufunseni chimene waona. Mukatero mundilembere, mundiuze za growth ija ndi za m'chimbudzi muja.