Kutengera zosema za amayi ku Joni: yankho kwa achemwali

Achemwali, mwafunsa za mayi wosema amene anachoka ku Mandimba, ku Mozambique, n'kudzakhazikika kuno ku Mangochi, yemwe amasema amayi okhaokha: wina akusinja, wina wasenza beseni la usipa mwana ali kumsana, wina wagwira buku. Funso lanu n'lakuti katundu wotere amawoloka bwanji mpaka ku Joni, ndipo phindu lake lilipo kapena ayi.

Phindu lilipo, koma likutsamira pa dzina la wosemayo. Mukangounjika ntchito yake pamodzi ndi njovu ndi mvuu za m'mbali mwa msewu wa ku Cape Maclear, ogula adzaitsitsa ngati chidole wamba. Mayiyo azokote dzina lake ndi chaka pansi pa chosema chilichonse, inu mulembe kapepala konena mtundu wa mtengo ndi zomwe mayi wosemedwayo akuchita. Msika wa ntchito yotere ndi wakale. Ku Tengenenge, ku Zimbabwe, komwe kusema miyala kunayamba mu 1966, ambiri mwa osema oyamba anali Achewa ndi Ayao amene anapita kukagwira ntchito m'mafamu a fodya. M'dziko lomwelo Agnes Nyanhongo ndi Colleen Madamombe anatchuka posema amayi.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi mtengo wauwisi. Ukasemedwa usanaume umang'aluka ukafika ku Joni, makamaka mu Juni ndi Julaye pomwe mpweya wakumeneko ndi wouma kwambiri. Mng'alu umayambira pansi pa chosema n'kukwera mpaka pankhope. Chipika chiume pamthunzi miyezi ingapo, nsonga zake zitapakidwa phula kapena penti. Tembenuzani chosema chilichonse muone kunsi: tizibowo tokhala ndi ufa ndiye kuti chafumbwa, chisiyeni. Phingo weniweni ndi wolemera, amamira m'madzi, ndipo mukakanda pansi ndi mpeni amakhalabe wakuda. Mkati mukayera, dziwani kuti ndi mtengo wina wopakidwa polishi wa nsapato.

Pa mapepala musachite ulesi. Yambani ku ofesi ya zankhalango kukatenga chilolezo chotulutsira zosema. Phingo ali pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a mitengo ndi nyama zomwe zingathe, kuyambira mu 2017. Zosemedwa kale zosapitirira makilogalamu 10 paulendo umodzi zimadutsa popanda chilolezo cha CITES, koma zikaposa apo pamafunika chikalata cha ku nthambi yoona za nyama zakutchire. N'chifukwa chake zosema zikuluzikulu ndi bwino zikhale za mbawa kapena mlombwa. Katengeninso chikalata cha a zaulimi chotsimikiza kuti mitengoyo ilibe tizilombo. Lembani invoisi yoona: chiwerengero, mtundu wa mtengo, mtengo wogulira. Mukalemba wotsika dala, a kasitomu amaika wawo, ndipo umakhala wokwera. Dongosolo la COMESA la amalonda ang'onoang'ono, la katundu wosaposa madola 2,000, limathandiza ku Zambia ndi ku Zimbabwe, osati ku South Africa. Kumeneko mufunika satifiketi ya SADC yosonyeza kuti katunduyo ndi wa ku Malawi, ndipo VAT ya 15 peresenti muikonzekere.

Njira mukuidziwa: Liwonde, Zalewa, chipata cha Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge. Ndi masiku awiri kapena atatu, ndipo katundu amatsitsidwa n'kukwezedwanso pazipata.

Apa ndi pamene zosema zimathyoka. Tengani mayi wa beseni uja: kulemera konse kuli pamutu, khosi lake n'laling'ono ngati chala chachikulu. Kulungani khosilo ndi chidutswa cha chitenje mpaka lilingane ndi mapewa, tsekani ndi nyuzi mpata wapakati pa mkono ndi mutu, kenako mukulunge chonse ndi katoni. Munsi wa mayi wosinja usemedwe pawokha, wochita kulowetsa m'manja. Zigone chogona m'bokosi, zolemera pansi, osati m'chikwama cha shangani chimene anyamata amapondapo pokweza. Mukatumiza kwa matransipota, jambulani chosema chilichonse musanamange, mugwirizanenso za wolipira chikathyoka.

Mukafika, pukutani ndi polishi wa Cobra ndi kansalu kofewa. Chidindo cha pasipoti ndi cha masiku 30 ndipo n'cha mlendo, choncho musayale pamsewu, apolisi amalanda. Pitani kwa eni mabenchi a ku Rosebank ku Joni komweko kapena Greenmarket Square ku Cape Town, mutawatumiziratu zithunzi pa WhatsApp. Ambiri amafuna kulipira akagulitsa. Pa ulendo woyamba musavomere, pokhapokha apereke theka.

Ndipo mayi wosemayo mulipireni musananyamuke, osati pobwera. Iyeyo ali ndi chipika china choti agule lero kuti chidzakhale chitauma pa ulendo wanu wotsatira.